Nyimbo ya Kapitawo pa Manda a Amalume

Ndinadzuka kusanache. Kunena kuti ndinadzuka n'kungolemekeza tulo, chifukwa pasiwa munthu sagona, amangotsamira khoma n'kutseka maso. Ndinali pa mkeka m'nyumba mwa amalume, miyendo itachita dzanzi, bokosi lawo lili pakati pa chipinda. Amayi anga, amene ndi mlongo wa malemuwo, anali chikhalire kumutu kwa bokosi monga ndinawasiyira madzulo, atafunda chitenje mpaka m'makutu. Sanali kulira. Chimwalirire amalume ku chipatala, amayi anali asanagwetse msozi ndi umodzi womwe.

Ndinatuluka panja. Chiperoni chinali chitatsika, nkhungu ili mbuu, kamvula kosamveka kugwa koma konyowetsa mpaka mkati. Mudzi wathu uli m'malire mwenimweni mwa esiteti, moti ukaima pakhonde pa amalume, tiyi amayambira pamene pathera chinangwa chawo. M'mawa umenewo tiyi sankaoneka. Chinkaoneka ndi moto wa abambo pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene ena anali kuodzera atakumbatira mawondo. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kumene tinakonza mafuwa. Nkhuni zinalipo, ufa unalipo, nandolo ndi kabichi zinalipo. Kunalibe ophika.

Amene anakulira kuno akudziwa kuti maliro amayenda ndi amayi. Abambo amakumba, amanyamula, amalankhula. Koma wogona m'nyumba ndi mtembo, woimba mpaka kucha, wotunga madzi ndi kusonkha moto ndi mayi. Kwathu kuno amayi ambiri amathyola tiyi. Amayi anga anathyola nawo zaka zoposa makumi awiri, ndipo sindikumbuka maliro a m'komboni ya esiteti kapena a m'mudzi amene iwo anajombako. Koma usiku wa maliro a mchimwene wawo, m'nyumba munali ife achibale ndi agogo angapo a ku mpingo amene msana unawaletsa kale kubereka dengu. Nyimbo zinkayamba n'kufera panjira, chifukwa kunalibe olandira.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Chinali chimbale cha amalume.

Amalume anali woimba. Achikulire amawakumbukira m'masiku a makaseti, akuimba ndi gitala pa Luchenza ndi pa Goliati tsiku la malipiro, nyimbo zawo zikumveka pa wailesi masanasana. Kenaka anangoleka. Analowa ulonda pa esiteti, ndipo ife ana tinakula tikuidziwa gitala ija ngati nyumba ya akangaude. Atapuma ntchito, mutu utayera, anaitsitsa pa msomali n'kugula nsambo zatsopano. Anthu a studiyo ina ku Blantyre anawajambula, ndipo chaka chathachi chimbale chinatuluka.

A m'tauni anachilandira ndi manja awiri. Pa wailesi ankati nkhalamba yabwerera kudzaphunzitsa ana kuimba. Wolemba wina m'nyuzipepala anati mawu a amalume asasa ndi ukalamba, koma kusasako ndi kumene kukukoma. Wina anadandaula kuti kaimbidwe ka gitala yawo n'kachikale, ndiponso kuti nyimbo zina n'zazitali mwakuti munthu atha kupita kumsika n'kubwerako isanathe. Ine ndine mphunzitsi, ndiye ntchito yowerenga zonsezi ndi kuzichotsa m'Chingerezi inagwera ine. Ndinkabwera Loweruka ndi nyuzipepala m'chikwama, amalume n'kumamvetsera atapendeketsa mutu. Wodandaula uja ankamukonda kuposa onse, ati ndi yekhayo amene zikuoneka kuti anamvetsera mpaka kumapeto.

Oyamikira ndi odandaula omwe ankagwirizana pa nyimbo imodzi, nyimbo ya kapitawo. Imanena za mwezi umene mvula imatha, tiyi n'kuyamba kuchepa, pamene kapitawo amasankha amene atsale pa ntchito ndi amene abwerere kumudzi. Imanena za mayi amene akuuzidwa kuti atsalire yekha ku shedi ya sikelo anzake ataweruka, mawa lake n'kupezeka kuti ntchito yake yapitirira. Amalume sanatchule esiteti, sanatchule kapitawo, sanatchulenso mayiyo. Kumapeto kwa ndime iliyonse amangofunsa kuti, "Anatsala ku sikelo ndani?" Kenaka gitala imalira yokha, popanda woyankha. A m'tauni anati nyimbo yolimba mtima chotero anali asanaimve kwa nthawi yaitali.

Kuno inayatsa moto. Abambo anayamba kufunsa akazi awo kuti chaka chakutichakuti unatsala bwanji pa ntchito anzako atachotsedwa. M'nyumba zina munamveka kulira, mabanja ena anagwedezeka ndithu. Ku sikelo makapitawo ena ankati womveka akung'ung'udza nyimboyo adziwa yekha. Amayi a m'tiyi anasiya kupereka moni kwa amalume, akawaona akubwera ankapatukira m'mizere ya tiyi. Anasiyanso kufika kwa amayi anga, ngakhale kudzapempha mchere. Amayi nawonso sankafuna kuimva. Ikangoyamba pa wailesi ankatuluka, ati akukaona mbuzi.

Ndikamaliza kuwerenga nyuzipepala zija, amalume ankafunsa funso limodzi lomwelo.

"Nanga a m'komboni akuti chiyani?"

Ndinkangopinda nyuzipepala zija n'kuzibwezera m'chikwama. Anamwalira asanamve.

Ndiye m'mawa umenewo, nditaima pa mafuwa ozizira, ndinali ndi mantha ndipo ndinali wokwiya. Ndinkaopa kuti amalume tiwaika ndi alendo okhaokha, ndi kuti amayi adzakhala zaka zawo zotsala m'mudzi umene akazi anzawo awafulatira. Ndinadzutsa azisuweni anga ndi apongozi a m'banjamo, tinayamba kulimbana ndi nkhuni zonyowa. Manja a choko sadziwa mphika wa maliro. Utsi unkandilowa m'maso, ndipo ndinathokoza utsiwo chifukwa palibe anandifunsa za misozi.

Kutayamba kuyera anafika adzukulu, makasu ndi mafosholo pamapewa. Iwowa analibe nkhani ndi chimbale. Anapereka ulemu kwa abambo pamoto, anafunsa malo, mmodzi n'kusuzumira kuseri kumene tinali ife. Ataona ophikawo anapukusa mutu, nati lero adzukulu adya mochedwa. Anapita kumanda akuseka chapansipansi.

Posakhalitsa tinamva amayi a m'tiyi akupita ku ntchito. Njira yawo imadutsa m'munsi mwa nyumba ya amalume. M'nkhungu muja tinayamba kumva mawu awo, ndi kukhwekhwereza kwa mapulasitiki amene amamanga m'chiuno kuti asanyowe ndi mame. Atafika pamene tinaika masamba pamsewu posonyeza zovuta, mawu onse anazima. Anadutsa mwakachetechete, madengu kumsana, mitu ili pansi. Pakati pawo ndinazindikira mayi wina wamtali, mnzawo wa amayi wa ponda apa nane mpondepo, amene anandibereka kumsana ndili khanda. Anacheuka kamodzi, maso athu anakumana, anapitirira.

Nditalowa m'nyumba kukatenga mchere, amayi anandikoka chitenje.

"Adutsa?"

"Adutsa, amayi."

Anangogwedeza mutu, n'kubwezera chitenje chawo kumaso.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo, koma anthu anatuluka. Oyamba anali a m'midzi yozungulira, abambo okhaokha ndi agogo a ndodo. Kenaka a kabaza anayamba kutsitsa anthu ochokera pa Luchenza, wina atanyamula awiri, matope ali thothotho mpaka kumsana. Bambo wina wa Chisilamu, mwini minibasi imene inatitengera thupi kuchokera ku chipatala, anabweretsa mipando ndi tenti. Ameneyu ankaliza chimbale cha amalume m'galimoto mwake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo wokwera akadandaula ankamuuza kuti atsike akwere ina.

Kenaka anafika a ku Blantyre. Magalimoto awo oyera anatitimira pa chitunda cha dothi lofiira chokwerera kwathu, ndipo anyamata a m'mudzi anapeza ntchito yokankha. Anatsika oimba amene ndinkangowaona pa kanema, ena atavala magalasi akuda m'nkhungu imene munthu sukanatha kuona ngakhale mbuzi yako. Anatsika atolankhani ndi makamera awo atawafunditsa majumbo. Anatsika amayi a nsapato zazitali, zimene zinkatsalira m'matope mwini wake atapita kale. Ndinawaseka mumtima, koma ndisawanamizire. Ena a iwo ataona mmene zinthu zinalili kuseri, anavula nsapatozo, anamanga zitenje, n'kuyamba kudula kabichi. Mtsikana wina wa wailesi anandipeza ndikupemerera moto, nandifunsa kuti amalume asiya chiyani ku dziko la Malawi. Ndinamuuza kuti agwire kaye chikuni icho. Anachigwira, ndipo sanachoke pamotopo mpaka ndiwo zitapsa.

Pofika nthawi yoona nkhope, pabwalo panalibe poponda. Mzere unayambira pakhomo mpaka kumsewu. Ndinaona nkhalamba zimene zinavina nyimbo za amalume zili anyamata, zikulowa zipewa zili m'manja. Mmodzi anaima nthawi yaitali pa bokosi, milomo ikuyenda, mpaka amene anali kumbuyo anamukhudza paphewa. Ndinanyada. Munthu amene anakhala zaka zambirimbiri akutsegula ndi kutseka geti ndi tochi m'manja, lero magalimoto anali atatseka msewu wonse chifukwa cha iye. Koma ndikaponya maso kumbali ya amayi, kumene pa maliro a kuno kumadzaza mpaka m'chinangwa, ndinkaona mikeka yopanda anthu.

Zolankhula zinali zambiri. Wa kubanja anafotokoza mbiri ndi matenda. Woimira oimba anati ataya tate wawo. Bambo wina wa wailesi, amene anali woyamba kuulutsa chimbalecho, analankhula bwino kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti zinkachokera pansi pa mtima. Anati amalume anabwerera ali okalamba kudzanena zimene achinyamata ankaopa kunena. Anati nyimbo ya kapitawo inapereka pakamwa kwa amayi a m'maesiteti. Pamenepo abambo a m'mudzi anayang'ana pansi, ena n'kuyamba kutokosa matope ndi timitengo. Bamboyo sankadziwa kuti amayi amene ankawanenawo anali kutsidya kwa khwawa, akuthyola tiyi.

Oimba aja anapempha kuti aimbe nyimboyo thupi lisananyamuke. Akulu a mpingo anati afunse eni maliro. Anabwera kudzagwada pamaso pa amayi anga. Amayi anakana ndi mutu. Abusa analalikira mwachidule chifukwa kamvula kanali katayambiranso, ndipo tinanyamuka ndi nyimbo za m'buku.

Njira ya kumanda imatsata malire a esiteti, kumanzere minda ya anthu, kumanja tiyi. Abambo ankalandirana bokosi paphewa, wina akatopa mnzake walowa kale. Ife tinali pambuyo, ine nditagwira amayi mkono chifukwa kunali koterera. Titakwera kachitunda, nkhungu inayamba kunyamuka, ndipo tiyi anaoneka wobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Pa phiri la kutsidya anali amayi aja, atamwazikana m'mizere, kapitawo ataima chapamwamba ndi ambulera. Unali mwezi wa Meyi, mwezi weniweni umene nyimbo ija imanena. Aliyense wa iwo ankadziwa kuti masiku amenewo kapitawo akuyang'ana amene atsale.

Ataona maliro anasiya kuthyola. Kuno ndi mwambo, maliro akamadutsa sugwira ntchito. Anakhala pansi m'mizere muja, moti kunkangooneka madengu okha pamwamba pa tiyi. Ndinati mumtima, basi, ulemu wawo ndi umenewu, womwe akanapereka ngakhale kwa mlendo wosamudziwa. Amayi anga sanayang'aneko. Tinapitirira mpaka tinalowa m'nkhalango ya kumanda.

Adzukulu anali atagwira ntchito yabwino ngakhale tinawadyetsa mochedwa. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, abusa anapemphera, dothi linayamba kugwa. Amayi anaima chilili, maso ali gwa, ngati akuonerera maliro a munthu wina. Mtumbira utakwera, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oyala nkhata. Anayala a kubanja, anayala a mpingo, kenaka oimba, a wailesi, a studiyo. Nkhata za m'tauni zinali zazikulu, zamaluwa a pulasitiki ndi maliboni olembedwa. Mtumbira unakongola ndithu. Woyendetsa mwambo anatsokomola kuti athokoze anthu, tibalalike.

Ndi pamene tinamva kukhwekhwereza kuja.

Anthu a kumbuyo anayamba kucheuka, kenaka kupatuka. Amayi a m'tiyi ankalowa m'manda mumzere umodzi, monga amayendera popita ku sikelo, madengu ali kumsana, masamba ali momwemo osayezetsa. Patsogolo panali mayi wamtali uja. Sanapemphe chilolezo kwa woyendetsa mwambo kapena kwa abusa. Ankangobwera, ndipo mzerewo sunkatha. Munali agogo a imvi, munali atsikana amene ndinawaphunzitsa ine sitandade faifi, munali amayi oyembekezera, munalinso akazi a makapitawo amene. Anazungulira mtumbira mpaka a m'tauni anabwerera m'mbuyo kukaima m'mitengo.

Mayi wamtali uja anayambitsa nyimbo ya kapitawo.

Chitulukire chimbale, ndinali ndisanaimvepo nyimboyo ikutuluka pakamwa pa munthu wa kuno. Ndinkaganiza kuti saidziwa. Ankaidziwa yonse, liwu ndi liwu, mpaka ndime ya Chilomwe imene olemba nyuzipepala ankangoilumpha. Anaiimba mosathamanga, mawu ali pansi, manja ali pa zingwe za madengu. Atafika pa funso lija, mayi wamtaliyo analifunsa yekha, mokweza.

"Anatsala ku sikelo ndani?"

Pamene amalume anasiya gitala kuti ilire yokha, amayi onse aja anayankha pamodzi.

"Ndife!"

Ndime yachiwiri anayankha chimodzimodzi, yachitatunso, ndipo ulendo uliwonse mawu ankakwera. Abambo a m'mudzi anali pomwepo. Ndinaona wina akusakasaka ndi maso mkazi wake m'gulumo. Anamupeza, koma anamupeza ali pakati pa mlongo wake wa bamboyo ndi mkazi wa mkulu wa mpingo, onse akuyankha mofanana. Analibe woti amuloze chala. Anaweramitsa mutu, ndipo sanaudzutsenso mpaka nyimbo itatha.

Atolankhani anali atatulutsa makamera m'majumbo muja. Mayi wamtali anatembenukira kwa iwo.

"Jambulani, koma mujambule tonse. Musasankhe nkhope."

Atatero anatsitsa dengu lake, nakhuthulira tiyi yense pa mtumbira. Wotsatira anachita chimodzimodzi. Ena ankathira dzanja limodzi, ena dengu lonse, thukuta la m'mawa wonse limene likanapita pa sikelo. Nkhata za pulasitiki zija zinakwiririka. Mtumbira wa amalume unasanduka wobiriwira, ndipo kumanda konse kunamveka fungo la tiyi wongothyola kumene. Woyendetsa mwambo anangogwira pakamwa. Abusa anatseka buku lawo n'kudikira.

Pamenepo amayi anachotsa mkono wawo m'dzanja langa. Anatulutsa mfuu umodzi umene sindidzauiwala, n'kugwa ndi mawondo m'matope. Analira mchimwene wawo kwa nthawi yoyamba, akumuitana ndi dzina la paubwana limene ine ndinali ndisanalimvepo. Sindine ndinawadzutsa. Anzawo aja anandikankhira pambali, anawazungulira, n'kulira nawo monga zimayenera kukhalira kuyambira tsiku loyamba.

Pobwerera ndinali kumbuyo kwawo, ndipo ndinamva mayi wamtali akulankhula ndi amayi.

"Achemwali, musatiyese oipa. Wina akanabwera yekha kudzagona pasiwa, mawa anthu akanati ndi ameneyo wa mu nyimbo. Aliyense amaopa bambo wa kunyumba. Ndiye dzulo pa sikelo tinapangana kuti tikapita, tipite tonse."

"Nanga ntchito?" anafunsa amayi. "Mwezi wake ndi uno."

"Atilembe abusenti. Akafuna atichotse tonse, tiyiyo athyole okha ndi maambulera awo."

Amene anali pafupi anaseka, ndipo amayi anasekanso misozi ili m'masaya.

Titafika kunyumba, anthu atasamba m'manja, amayi aja anapita molunjika kuseri. Anavundukula miphika yathu, anayang'anana. Wina analawa nandolo, nafunsa kuti waphika ndani zimenezi, akufuna tiikenso maliro ena mawa? Ndinaloza azisuweni anga, iwo analoza ine. Anatithamangitsa pamoto tonse, pamodzi ndi mtsikana wa wailesi uja. Mosakhalitsa moto unali lawilawi pa mafuwa onse, madzi akubwera pamitu kuchokera ku mjigo, mbale zikuyenda. Palibe anachoka ndi njala, ngakhale okankha magalimoto.

Bambo wa wailesi anandipeza ndikutolera mipando. Maso ake anali ofiira. Anati wakhala akuiulutsa nyimboyo chaka chathunthu, koma lero ndi pamene waimva yathunthu. Ndinamuthokoza chifukwa chobwera, ndipo ndinamuthokoza moona. Popanda anthu ngati iye, chimbale cha amalume chikanathera m'chikwama.

Chakumadzulo anthu anayamba kutsanzika. Magalimoto anatsika chitunda chija mosavuta kusiyana ndi pokwera. A kabaza anatenga omaliza. Mwini minibasi anapasula tenti yake. Amayi a m'tiyi anatsuka miphika yonse, anasesa bwalo, anabereka madengu awo opanda kanthu. Potsanzika, mayi wamtali anauza amayi kuti abwera mawa akaweruka, ngati kudzakhale koweruka. Achibale otsala anapita kukakhala pamoto wa abambo, ena kukagona kunyumba kwa amayi.

M'nyumba mwa amalume tinatsala awiri. Pakati pa chipinda, pamene panali bokosi, panali mkeka wokha. Kunja kamvula kanali katasiya, madontho okha akugwa kuchokera ku malata. Ndinayatsa nyali ngakhale kunali kusanade kwenikweni. Amayi anali atatambasula miyendo, mapazi ali matope okhaokha.

"Uli nayo mu foni mwakomo?"

Ndinadziwa imene akunena. Ndinaifufuza, n'kuika foniyo pa mkeka pakati pathu. Mawu osasa a amalume anadzaza nyumba yawo. Amayi sanatuluke. Anamvetsera manja ali pamiyendo, ndime yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza. Amalume atafunsa funso lawo komaliza, gitala ikulira yokha, amayi anayankha motsitsa, osandiyang'ana.

"Ndine."

Nyimbo inatha.

"Chaka chimene anamwalira bambo ako, iwe utasankhidwa kupita ku sekondale," anatero. "Achimwene anali pa ulonda tsiku limenelo, anandiona ndikutuluka mu shedi. Sanauze munthu. Asanapite ku Blantyre anabwera kudzandigwadira pakhomo panga, nkhalamba yonse ija. Ndinati imbani, atsikana akuvutikabe, koma ine sindidzaimva."

Ndinayang'ana manja awo, zala zopindika ndi zakuda chifukwa cha tiyi. Ndinakumbukira yunifolomu yanga yoyamba, ndi mmene ndinkayendera monyada pa Luchenza nditaivala. Manyazi ndinalibe, ngakhale pang'ono. Ndinali ndisananyadirepo munthu monga ndinawanyadira amayi anga madzulo amenewo. Ndinasendera pafupi, ndinaika mutu wanga paphewa pawo ngati mwana, ine mayi wa ana atatu.

"Ukamalemba za lero usandibise," anatero. "Anzanga ayankha pagulu, ine ndibisalirenji?"

Panja wina ankawaza nkhuni, ndipo kutali ku fakitale makina ankalira monga mwa masiku onse. Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuloza foni ija ndi chibwano.

"Anaimba bwino achimwene," anatero. "Ibwereze."